Kapepala Kamene Sizinathe Sanasaine

Ku ofesi ankamutchula kuti Sizinathe, popeza awa ndiwo anali mawu otuluka m'kamwa mwake kawirikawiri. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wamfupi, wosakonda kuseka zinthu zosaseketsa, ndipo ntchito yake inali yoyesa mapulogalamu a pakompyuta. Anyamata asanu ndi mmodzi ankalemba mapulogalamuwo, koma wowafufuza zolakwika asanaperekedwe kwa anthu anali iye yekha. Mnyamata akabwera akumwetulira kudzanena kuti wamaliza, iye ankadinadina mabatani kwa kanthawi, n'kukankhira mpando kumbuyo, n'kunena kuti, "Sizinathe." Dzinalo linamukakamira mpaka ena anaiwala lenileni.

Kampaniyo inali m'nyumba yosanja, pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, ndipo fungo la mphira linkamuperekeza munthu masitepe onse. Mkati munali matebulo aatali, mipando ina yonga matumba a thonje imene munthu akakhalapo amadzuka mochititsa manyazi, ndi belu lamkuwa lopachikidwa pafupi ndi chitseko. Mwini kampani, bambo woyamba imvi amene ankabwera kuntchito atavala kabudula, ankati muno mulibe bwana. Analetsa kutchulana kuti "inu" kapena "bwana". Aliyense anali "iwe", ndipo onse anali banja limodzi. Sizinathe, amene analeredwa m'nyumba momwe ngakhale mchimwene wake ankamupatsa ulemu, anatha milungu iwiri akulankhula ndi bamboyo mozungulira kuti asafike pa liwu limenelo. Koma sanachedwe kuona kuti m'banja limeneli wotsuka makapu a tiyi anali wodziwika, ndipo wosaina makalata a ntchito analinso wodziwika.

Kalata yake inali isanasainidwe. Anamulemba ntchito mongoyembekezera kwa miyezi itatu, ndipo anamuuza kuti ikatha miyeziyo adzalandira kalata yomukhazikitsa, ngati adzakhale atakondweretsa banjalo.

M'mawa uliwonse onse ankaimirira mozungulira bolodi loyera, aliyense n'kunena zimene anachita dzulo ndi zimene achite lero. Kukhala pansi kunali koletsedwa, kuti msonkhano usatalike. Bolodilo linagawidwa patatu: Zoti Zichitike, Zikuchitika, ndi Zatha. Ntchito iliyonse inkalembedwa pa kapepala komata. Kachikasu kanali ka ntchito wamba, kofiira kanali ka cholakwika, ndipo lamulo linali lakuti kofiira sikasamukira ku Zatha pokhapokha woyesa atasaina kuseri kwake. Lachisanu mkulu wa gulu ankaliza belu, anthu n'kuwomba m'manja, pulogalamu n'kutumizidwa kwa eni ake, ndipo timapepala tonse tinkathiridwa m'botolo lalikulu lagalasi limene ankaonetsa alendo.

Mkulu wa gululo ankamutcha Changu, chifukwa ngakhale tiyi ankamwa akuyenda.

Pa nthawiyo ankapanga pulogalamu ya chipatala china chaching'ono, yotumiza uthenga pafoni pokumbutsa odwala tsiku lokatenga mankhwala. Ntchito imeneyi Sizinathe ankaimvetsa kuposa onse. Bambo ake, amene anakhala zaka makumi atatu akukonza mawotchi pakhonde la sitolo mpaka maso anayamba kuwakana, ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Amayi ake, osoka zovala, ankamwa a shuga. Onse awiri anali ndi foni imodzi, yong'ambika kumbuyo ndi yomangidwa ndi kamphira, ndipo azakhali ake a nyumba yoyandikana nayo ankaperekanso nambala yomweyo kulikonse kumene afunsidwa.

Choncho Lachitatu lina, poyesa pulogalamuyo, analowetsa dzina la bambo ake ndi nambala ija. Analowetsanso la amayi ake ndi nambala yomweyo. Atayang'ana mndandanda, anapeza kuti bambo ake afufutika, ngati sanabadwe n'komwe. Anabwereza katatu, kenaka analemba kapepala kofiira n'kukamata pa bolodi.

"Changu, pali vuto," anatero. "Anthu awiri akakhala ndi nambala imodzi, woyambayo akuchoka m'kaundula. Sadzalandira uthenga."

"Anthu awiri nambala imodzi? Masiku ano?" Changu anafunsa osaima n'komwe. "Ine ndili ndi mafoni awiri. Ndevu apa ali ndi atatu, imodzi ya mkazi wake, ziwirizo sitifunsa."

"Kwathu foni imodzi ndi ya anthu atatu."

"Ndiye uwagulire zawo, mwana wouma manja iwe."

Anyamata anaseka. Ndevu, wolemba mapulogalamu wamkulu pa onse ndi wofatsa ngati mphaka wokhuta, anayang'ana kapepalako n'kunena chapansipansi kuti kukonza kwake kungatenge masiku anayi.

"Masiku anayi tilibe," anatero Changu. "Lachisanu belu lilira."

Lachisanulo masana Sizinathe anatsika kukagula chakudya kutsidya kwa msewu. Pobwerera, ali pakati pa masitepe, anamva belu likulira ndi manja akuwombedwa. Anapeza bolodi lili mbee, botolo litatsekedwa, anyamata akutsegula zakumwa. Atafunsa za kapepala kofiira kaja, Changu anamusisita paphewa n'kunena kuti akonza sabata yamawa, asakhale wolimba mutu ngati msomali. Iye anayang'ana chitseko cha mwini kampani, anakumbukira kalata ija, ndipo anameza mawu. Kumeza kumeneko kunamuwawa masiku onse otsatira, kuposa kuseka kwa anyamata kuja.

Sabata yamawayo inabwera ndi timapepala tina. Itatha milungu itatu, namwino wamkulu wa chipatala chija anaimba foni, ndipo mawu ake ankamveka mpaka ku tebulo lomaliza. Odwala oposa makumi anayi sanabwere pa masiku awo. Onse anali ogawana foni ndi abale awo, ndipo anali atauzidwa kuti asamavutikenso kuwerenga masiku, uthenga udzawapeza. Mayi wina wachikulire anakomoka akuchapa, ndipo anali atagonekedwa.

Kampaniyo inali ndi mwambo winanso umene inkanyadira kwambiri. Chinthu chikalakwika, ankachita msonkhano wosaloza chala. Dzina la munthu silinkatchulidwa. Ankangolemba lipoti lofotokoza chimene chinachitika, onse n'kusaina. Lipoti la nthawi imeneyi analemba Changu. Linali laulemu, lamasamba awiri, ndipo pamalo ofotokoza gwero la vuto panali chiganizo chimodzi chokha: "Kuyesa sikunachitike mokwanira." Pepalalo linazungulira tebulo, aliyense akusaina mothamanga ngati lotentha. Litafika pa Sizinathe, anapempha kuti asaine mawa. Linali Lachinayi, ndipo kalata yake inkayenera kutuluka Lolemba.

Madzulo dzuwa lisanalowe anawerengera makolo ake lipotilo pakhonde, amayi ake akupinda m'mphepete mwa diresi ya munthu.

"Oyesa mulipo angati kumeneko?" bambo ake anafunsa.

"Ndilipo ndekha, bambo."

"Ndiye akuti sanatchule dzina? Alilemba ndi zilembo zazikulu."

"Ingosaina, mwanawe," anatero amayi ake osakweza maso. "Ntchito sizitoledwa pamsewu. Mchimwene wako chaka chachiwiri chino akungopita uku ndi uku ndi envulopu."

"Mayi ake ana, ukasaina kuti wotchi unaithyola ndiwe, ndani adzakupatsanso wotchi?"

"Inu mawotchi anu anatipatsa chiyani, kupatula maso akufawo?"

Bambowo sanakwiye, mawu amenewo anali atawazolowera. Anangotembenukira kwa mwana wawo n'kumufunsa ngati akukumbukira chimene ankachita akamaliza kukonza wotchi. Iye ankakumbukira bwino. Ankakanda ndi singano kachizindikiro kawo ndi tsiku mkati mwa chivundikiro, ndipo wotchi yopanda kachizindikiroko ankaikana pamaso pa mwini wake, ngakhale atalumbira bwanji kuti anakonzetsa kwa iwo.

"Nanga kapepala kako kofiira kaja unasaina kuseri?"

"Ayi, sindinasaine."

"Kali kuti?"

Sizinathe ankaona botolo lija m'maganizo mwake.

Lachisanu m'mawa anthu ataimirira mozungulira bolodi, iye anakoka mpando, miyendo yake ikulira pansi, n'kukhala pakati pawo. Chiyambire kampaniyo palibe anachitapo zimenezo.

"Wadwala?" anafunsa mwini kampani.

"Ndili bwino, bwana. Kungoti zimene ndikufuna kunena ndi zazitali."

Liwu loletsedwalo linagwa m'chipindamo ngati mbale yachitsulo. Sizinathe ananyamuka, anatsitsa botolo pa shelefu, n'kukhuthulira timapepala tonse pa tebulo. Anayamba kusankha tofiira tokhatokha, akutembenuza kamodzikamodzi ndi kutindandalika. Sanafulumire. Kalikonse kanali ndi saini yake ndi tsiku kuseri. Atafika pa ka vuto la nambala ya foni kaja, anakatembenuza n'kukaika patsogolo pa mwini kampani. Kuseri kwake kunalibe kanthu.

"Muno sitiloza chala," anatero bamboyo, mawu atauma.

"Sindikuloza munthu, bwana. Amene anachotsa kapepalaka pa bolodi sindinamuone, ndipo sinditchula dzina lake. Koma lipoti ili laloza. Likanati kulemba pulogalamu sikunachitike bwino, anthu asanu ndi mmodzi akanagawana manyaziwo, aliyense kachidutswa kake. Lati kuyesa, ndipo woyesa muno ndi mmodzi. Mwambo wanuwu umabisa aliyense amene ali ndi anzake, n'kusiya pamtunda amene ali yekha."

"Iwe, nkhani yaing'ono ukuikuza," anatero Changu. "Ndi mawu chabe, palibe adzawerenge."

"Ngati ndi mawu chabe, asintheni. Ine cholakwa changa ndichivomera, ndipo mukhoza kuchilemba: ndinamva belu, ndinadziwa kuti anthu afufutika, ndipo ndinakhala chete chifukwa choopa kalata yanga. Chimenecho ndisaina kawiri. Koma zoti sindinayese, sindisaina."

Pansi pa nyumbayo munthu wina ankagubuduza tayala. Anyamata ankayang'ana nsapato zawo, ndipo Sizinathe anawayang'ana mmodzimmodzi, anthu amene ankawatsukira makapu. Potsiriza Ndevu anakanda chibwano chake n'kulankhula, maso ali pa tebulo.

"Anatiuza Lachitatu lija. Ine ndinati masiku anayi. Tonse tinalipo."

Mwini kampani anatenga lipoti, anafufuta chiganizo chija ndi mzere umodzi wolemera, n'kulemba pamwamba pake kuti cholakwikacho chinapezeka poyesa, koma pulogalamu inatumizidwa chisanakonzedwe. Sizinathe anawerenga mawu aliwonse, anasaina, n'kuyamba kubwezera timapepala m'botolo. Palibe anamuthandiza.

Lolemba kalata inatuluka. Anaiwerengera pa masitepe, m'fungo la matayala. Inayamikira luso lake ndi kusamala kwake, ndipo inamuwonjezera miyezi ina itatu yoyembekezera, kuti aphunzire bwino mzimu wa m'banjamo. Za Changu kunalibe kalata iliyonse, popeza muno saloza chala. Anaima pamenepo mpaka makutu anasiya kutentha. Kunyumba amayi ake anangoti, "Ndinanena ine," n'kupitiriza kusoka mwamphamvu kuposa mmene nsaluyo inkafunira. Bambo ake anapempha kuti awawerengerenso chiganizo chatsopano cha m'lipoti chija, anagwedeza mutu, ndipo kalatayo sanafune kuimva kachiwiri.

Sabata imeneyo anthu ku ofesi ankamulankhula mwaulemu wozizira. Makapu anasiya kutsuka, ndipo anaunjikana mpaka wina anayamba kumwera tiyi m'botolo la madzi.

Lachisanu litafika, Changu anabwera pa tebulo lake atanyamula kapepala kofiira kaja kotembenuza kale, ndi cholembera.

"Takonza," anatero. "Tasaina msanga, belu likudikira."

Sizinathe analandira cholemberacho n'kuchiika pambali. Analowetsa dzina la bambo ake ndi nambala ija. Analowetsa la amayi ake, ndipo onse awiri anakhalapo pa mndandanda. Changu anapuma mozama n'kuyamba kubwerera chakumbuyo, kulowera ku belu. Sizinathe analowetsa la azakhali ake. Bambo ake anafufutika.

"Mwakonza za anthu awiri," anatero. "Kwathu ndinati tilipo atatu."

Anatembenuza kapepalako, anadzuka, n'kukakamata yekha pa bolodi, pansi pa Zikuchitika, akukanikiza ndi chala chachikulu mpaka kanagwira bwino.

"Sizinathe."