Chitini Chofesera cha Amalume

Chitini cha mabisiketi chija chidakalipo kwa amayi ku Swords, chopindika pakamwa. Masiku ano amasungiramo ulusi, koma ine ndikachivundukula ndimamvabe fungo la oats, mbewu yonga tirigu.

Chaka chimenecho amalume ankadikira mapepala awo owalola kukhala m'dziko la eni lino ndipo sankaloledwa kugwira ntchito. Munthu wozolowera khasu, kukhala pasofa kunkawadwalitsa. Mlimi wina wa kutchalitchi kwathu anawabwereka kachigawo ka munda wake kuseri kwa airport, koma ananeneratu kuti kakangodzaza udzu adzakalanda.

Amalume ankafuna kudzala ngati chimanga, zitatu paphando, motalikitsa. Mlimi uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati oats umafesa mothinana kuti udzu usowe popumira, komanso akhwangwala ali ndi gawo lawo. Amayi atamva anaipidwa. "Achimwene, mbewu kuwaza ngati mchenga? Kumeneko n'kutaya." Amalume anathira mbewuyo m'chitini cha mabisiketi. Anatha masiku akutapa m'chitini muja n'kubwezeramo, kenaka anagamula: dzanja limodzi lodzaza pa mapazi awiri aliwonse.

Tinafesa mu March, mphepo ikuluma makutu, dothi likumata nsapato zanga za kusukulu, ndege zikudutsa pamutu. Sindinama, ntchitoyo ndinkadana nayo. Amalume anandipatsa chitini n'kundibwerezetsa mpaka mkono unawawa. "Usaumire, mwanawe. Tambasula zala." Ine ndinkangoti "I'm freezing," iwo ngati sakumva. Anandionetsanso malumidwe a njere kuti ndidzadziwe ikakhwima, pamene mmera unali usanatuluke n'komwe. Ndinkati akungondizunza. Lero ndikuona kuti ndaphunzitsidwa ndi anthu ambiri, koma wamakani ngati iwo sindinakumane naye.

Oats anamera wothithikana, udzu unagonja, ndipo amayi analeka kunena zotaya mbewu. Mu June yankho la mapepala linabwera. Anawakana amalume, ndipo anawakweza imodzi mwa ndege zija kuwabweza kumudzi.

Mu August ndinaluma njere, inalimba, ndinauza amayi kuti yakwana. Anangovula yunifolomu ya kuchipatala n'kutenga chikwakwa chobwereka. Tinamweta awiriwiri, ndipo munda uja mlimi sanaulande.

Pamenepo ndinkangonyadira kuti ndinali mwana wanzeru wodziwa za oats. Sindinkadziwa kuti munthu wophunzitsa mwana zokolola tsiku lofesa amakhala ataona kale kuti mwina pokolola sadzakhalapo.