Tayala Lopakidwa Polishi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi Bambo Nkhoma, mnzawo wa bambo anga wa kutchalitchi. Ndinali nditangokhala pakhomo ku Dzivarasekwa, komboni ina ya mumzinda waukulu wa Rhodesia, ndevu zitamera kale, ndikudya za makolo ngati mlendo wosatsanzika. Lamlungu lina tikutuluka m'mapemphero anandigwira pamkono, osandifunsa n'komwe, n'kupita nane pa kashedi ka malata pafupi ndi pokwerera mabasi. Mwini wake anali mkulu wina wa ku Tete, wokonza matayala, amene aliyense ankamutchula Sekuru Zuze.

"Sekuru, mwana uyu manja ali nawo, koma akungokandira m'mutu," anatero Bambo Nkhoma. "Mupatseni chogwira."

Sekuru Zuze sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana zikhatho zanga, n'kunena kuti, "Abwere mawa. Asavale zoyera."

Nthawi imeneyo azungu a Rhodesia anali atadzitengera okha ulamuliro, mayiko ena n'kuwatsekera malonda. Tayala latsopano tinkangolimva mbiri. Lakale silinkatayidwa. Likabooka tinkamata chigamba pa chubu. Likatha mizere ankalitumiza ku mafakitale a ku Msasa kukaliveka mphira wina pamwamba. Likakanika zonse tinkalidula n'kupanga nkhwayira, nsapato zosatha zija. Koma kunalinso akathyali. Iwowa ankatenga tayala lotheratu, ladazi, n'kulisema mizere yatsopano ndi mpeni wootcha pamoto, kenako n'kuligulitsa ngati labwino.

Zida zathu sizinali zambiri: jeke, sipanala ya mawilo, zitsulo ziwiri zokanulira tayala pa limu (chitsulo cha wilo), hamala, theka la mgolo wa madzi loviikamo chubu pofuna kuona potuluka mpweya, ndi makina opopera amene ankatsokomola kaye asanayambe ntchito. Kumata chigamba ndinaphunzira msanga. Chimene chinandikopa mtima chinali china: kudziwa kuti tayala ili likadali ndi ulendo, ili lafika kwawo.

Sekuru ankayenda ndi bokosi la machesi ngakhale sankasuta. Ankalowetsa mutu wa kamtengo ka machesi mumzere wa tayala. Mutu ukabisika, tayala likadalipo, ukaonekera, latha. Ine ndinati basi, ntchito yonse ndaidziwa. Iwo anaseka n'kundiuza kuti machesi amaona kunja kokha. Anandiphunzitsa kuyendetsa dzanja m'mbali mwa tayala, makamaka mbali ya m'kati yobisika kunsi kwa galimoto, kufunafuna chotupa kapena ming'alu. Anandiphunzitsanso kugogoda ndi hamala. Tayala lamoyo limayankha molimba ndipo hamala imadumpha. Limene nsalu zake za m'kati zalekana limangoti phu, ngati ukumenya thumba la madeya.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mfana," ankatero. "Tayala silinama. Amanama ndi mwini wake."

Ndinayamba kuwerenga anthu pa matayala awo. Lodyeka pakati pokha, mwini wake amapopa mopitirira. Lodyeka m'mphepete zonse ziwiri, mwini wake ndi waulesi, amayenda ndi mpweya wochepa. Lodyeka mbali imodzi, galimoto yapotoka miyendo. Ngakhale popita kutchalitchi ndinkayenda maso ali pansi, mpaka mayi anga ankati mwana wawo adzakwatira tayala.

Tsiku lovuta linabwera nkhondo yomenyera ufulu itafika poipa. Bambo Nkhoma anamwalira. Anali atanena kale kuti akaikidwe ku famu ya fodya ya cha ku Mazowe, kumene anayambira ntchito atangobwera kuchokera ku Nyasalande, ndiponso kumene kunagona akazi awo. Ife ochokera ku Nyasalande tinali ndi sosayiti ya maliro, ndipo mawu a womwalira sitinkawaphwanya. Sosayiti inabwereka lole. Vuto linali kefiyu: kumafamu dzuwa likangolowa, aliyense wopezeka pamsewu asilikali ankatha kumuwombera osafunsa dzina. Tsono anthu anayenera kupita, kuika maliro, n'kubwerako kukadali kowala.

Linali Loweruka m'mawa. Sekuru anali atapita ku Msasa kukatenga matayala ovekedwa, n'kundisiya ndekha pashedi. Mtima unkandiwawa kuti munthu amene anandipatsa chogwira apita ine osaponyako dothi. Ndiye ndinamva nyimbo ikubwera. Lole inaima patsogolo panga, bokosi lili pakati, amayi ovala mabulauzi oyera atalizungulira. Mayi anga anali momwemo, kuseri kwa kabu ya dalaivala.

Lole ija inkawala. Bambo anga anali khukhi kwa azungu, ndipo anzawo ambiri a m'sosayiti anali ogwira ntchito za m'nyumba, anthu amene moyo wawo wonse anathera kupukuta makhonde ndi nsapato za mabwana. Kwa iwo ulemu unali kuwalitsa. Anali atadzuka m'mamawa n'kutsuka lole yonse, kenako n'kupaka matayala polishi wakuda wa nsapato, kuti mnzawo asapite pa galimoto yauve.

Dalaivala, Mshona wina wamtali, anasuzumira pawindo. "Mfana, isa mweya chete. Mpweya basi, tachedwa."

Ndinagwada pa tayala lakutsogolo, lakumanzere. Linali lokongola kuposa onse, mizere yakuya, lakuda bii. Ndinalowetsa machesi mwachizolowezi, mutu wonse unabisika. Koma mizere ija inandidabwitsa. Inali yokhotakhota pang'ono, wina wotakata, wina wopapatiza, ngati mizere ya m'munda wolimidwa ndi anthu awiri osagwirizana. Ndinakanda pansi pa mzere ndi msomali. Polishi atachoka panaoneka ulusi woyera. Mpeni wa kathyali unali utafika pa nsalu. Ndinapisa dzanja mbali ya m'kati, n'kupeza chotupa chodzaza chikhatho changa. Hamala inangoti phu.

Tayala lakutsogolo likaphulika lole ili paliwiro, dalaivala sangaigwire. Ndipo ngakhale itaima bwino, kuima kwake kukanakhala kutchire, dzuwa likupendeka.

Ndinapita kwa wapampando wa sosayiti, Bambo Mbewe, n'kuvula chipewa. "Bambo, pepani. Tayala ili silingapite. Ndi lodwala m'kati."

Nyimbo inazirala. Kwathu munthu satchula ngozi pamaso pa bokosi. Kutero n'kuitana maliro ena.

"Iwe mwana, ukulodza ulendo?" anatero Bambo Mbewe. "Tayala latsopanoli? Mwini lole waligula sabata yomwe ino."

"Si latsopano, bambo. Analisema ndi mpeni. Taonani ulusiwu."

Sanawerame. Bambo anga ndiwo anandiyandikira, manja awo akadali akuda ndi polishi, n'kunong'ona: "Usandichititse manyazi pa anthu. Popa tizipita."

Ndinapempha kuti ndione la sipeya. Linali kunsi kwa lole, lotuwa, lamatope, losapakidwa kanthu chifukwa palibe analikumbukira. Mutu wa machesi unangobisika pang'ono. Koma m'mbali munalibe chotupa kapena mng'alu, ndipo hamala inadumpha. Nditanena kuti tiike limenelo, amuna aja anang'ung'udza onse. Kuchotsa tayala lowala, n'kuika chonyansa chotere pa lole yonyamula Nkhoma! Wina anati ndi chipongwe kwa womwalira. Wina anati nthawi yosinthira tayala ndi imene itigwetse m'kefiyu. Ameneyu sankanama, ndipo ndi zimene zinkandiopsa kwambiri.

Ndinangoika paipi ya mpweya pansi n'kunena kuti, "Ine ili sindipopa."

Kenako ndinaona mayi anga akukwinya chitenje, akutsika pa lole chafutambuyo, phazi likufunafuna popondera. Atafika pansi anayang'ana Bambo Mbewe mwaulemu wonse.

"Abambo, mwana uyu sadziwa kuphika, sadziwa kuimba, koma matayala amalota nawo. Amene anamuika pano ndi amene ali m'bokosimu. Ngati akuti ladwala, ine ndidikira pansi pano."

Amayi ena anatsatira mmodzimmodzi. Pa lole panatsala bokosi lokha. Maliro opanda amayi oimba sapita kulikonse, ndipo Bambo Mbewe ankadziwa zimenezo.

"Sintha," anatero, osandiyang'ana. "Koma ukwera nafe. Ukaime pamwamba pa tayala lakolo. Likachita kanthu, uyambe ndiwe."

Sindinagwirepo ntchito mofulumira ngati tsiku limenelo. Ndinaika miyala kumawilo akumbuyo, kumasula manati pang'ono lole ikadali pansi, kukweza jeke pang'onopang'ono kuti bokosi lisasunthe. Amayi anayambanso nyimbo atazungulira lole. Dalaivala, amene poyamba ankatukwana chamumtima, anagwira chotupa chija, n'kuimba mluzu, n'kuyamba kundithandiza kugubuduza la sipeya. Ndikumanga manati motsatana mopingasa, ndinamva munthu akugwada pambali panga. Anali bambo anga. Anatulutsa kachitini ka polishi ndi kansanza m'thumba la jekete yawo ya maliro, n'kuyamba kupukuta tayala lotuwa lija.

"Wamaliza kuliona, eti?" anafunsa.

"Ndamaliza, bambo."

"Ndiye suntha dzanja, ndipake."

Ndinapempha mayi wogulitsa tomato pafupi kuti andiyang'anire shedi, n'kukwera. Ulendo wonse anzanga ankaimba, ine khutu lili pa tayala. Tinaika Bambo Nkhoma pambali pa akazi awo, ndipo dothi ndinaponya ndi dzanja lakuda ndi polishi. Mwambo unafupikitsidwa, chakudya cha kumaliro sitinachidikire. Tinatuluka m'dera la mafamu dzuwa litakhala pamwamba pa mitengo, n'kufika m'tauni tayala lija lili bwinobwino.

Lolemba Sekuru Zuze anamva nkhani yonse kwa mayi wa tomato ine ndisanafike. Sanandiyamike, sanandikalipire chifukwa chosiya shedi. Anatenga tayala lija, limene dalaivala analisiya, n'kulicheka pa chotupa. Nsalu za m'kati zinali zitalekana moti dzanja langa linalowa pakati pake mpaka pamkono. Ndinawafunsa ngati likanaphulikadi.

"Kaya," anatero. "Mwina likanafika, mwina ayi. Ungakweze mayi ako pa 'mwina'?" Analiponya kumbuyo kwa shedi. "Ili ngakhale nkhwayira silichita."

Ndagwira ntchito ya matayala mpaka tsitsi layera, ndipo chimene ndinatenga tsiku lija sindinachisiye. Munthu akabwera ndi tayala lowala, ndimayamba ndalitsuka ndi madzi ndi bulashi, kenako machesi, dzanja, hamala. Ena amakwiya, amati ndikuwachotsera kukongola. Ndimawasiya akwiye.

Bambo anga atamwalira, patapita zaka zambiri, sosayiti inabwerekanso lole. M'mamawa anthu asanadzuke ndinaizungulira ndekha, tayala lililonse, mpaka la sipeya. Onse anali amoyo. Ndiye ndinalowa m'chipinda chawo, n'kutenga kachitini kaja ndi kansanza, n'kugwada pa tayala lakutsogolo. Ndinapaka onse mpaka anawala, chifukwa bambo anga sakanalola kupita pa galimoto yauve.