Malo a Chikho mu Sutikesi

Pansi pa bedi la amalume ku Nkaneng, kuno ku Joni, panali sutikesi yabuluu yomanga ndi lamba. Malaya anali atapindiramo kale, koma pakona anasiyapo malo. "Apa mpa chikho," ankatero. Mgodi unali utawalavula, ndipo ankati sangafike ku Ntcheu chimanjamanja, anthu n'kumaloza kuti mtchona uja wangobwera ndi chifuwa.

Chesi anaiphunzirira kuhositelo ya mgodi. Nyengo yozizira imeneyo, mavuvuzela a mpira wa dziko lonse atangoleka kulira, ankasewera okhaokha pa kreti ya mowa, kandulo ikununkha, akutsokomola mpaka malata kunjenjemera. Amayi ankati, "Tizidole tanuto tidyeka?"

Mpikisano wolimbirana chikhocho unachitikira m'holo ya sukulu ku Cashan, ndipo anapita nane. Masewero omaliza anakumana ndi mkulu wina wa ku Dedza, mdala wa imvi amene anawalandira pamene ankafika ku Joni. Amalume ankafunika kupambana basi. Kulepherana kukanapereka chikho kwa mnyamata wina wa ku Wonderkop.

Ngakhale ine mwana ndinkaona kuti mdalayo zamuthina. Mfumu yake inali itapanikizika pakona, iye akungopukuta thukuta kozizira kumeneko. Kenako anatambasula dzanja pamwamba pa bolodi, osanena kanthu. Pa chesi, ukatero ndiye kuti wagonja. Amalume ananyamuka pang'ono, n'kulilandira ndi manja awiri monga tinaleredwera.

Aphunzitsi oyang'anira mpikisano atafika, mdalayo anati, "Tagwirizana kuti talepherana."

Aphunzitsi anafunsa amalume ngati zinali zoona. Amalume anayang'ana imvi zija, n'kugwetsa nkhope. "Monga anenera akuluwa."

Mpaka lero zimandiwawa, ndipo mdala uja sindinamukhululukire. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu wa kwathu sangatsutse mkulu pagulu. Ulemu wathuwu nthawi zina ndi khasu lodzikumbira nalo manda.

Tinabwerera kunyumba pa takisi. Titafika, anakoka sutikesi ija, kumasula lamba, n'kuyamba kupachika malaya pamisomali, limodzilimodzi. Amayi anatuluka panja atagwira chitenje kukamwa.

Ine ndinalumpha ndi chimwemwe, ndikuimba kuti amalume sakupitanso, amalume sakupitanso. Iwo anandisisita kumutu n'kuti, "Eya, sindikupitanso."

Manda awo ali konkuno ku Joni. Tsiku limenelo ine ndinkangoti ndapeza wondiphunzitsa kuyendetsa hachi ya pa chesi.