Funso Langa kwa Adadi ku Washington

Nyumba yathu ku Germantown, pafupi ndi Washington, inkanunkha kapeti yonyowa nyengo yotentha ya chaka chimenecho. Makina oziziritsa m'nyumba anali atafa, ndipo tinkagona mawindo ali pululu, nyenje zikulira m'mitengo panja. Pabalaza pankagona Anti Esinati, anzawo a amayi akutchalitchi. Gogo wachizungu amene ankamusamalira atamwalira, ana ake anawatulutsa m'nyumbamo ndi masutikesi awo. Adadi anali atanena kale kuti sukulu ikamatsegulira, Antiwo akhale atapeza kwina, chifukwa eni nyumba sankalola anthu owonjezera.

Loweruka lina tonse tinakwera sitima kupita ku Washington, kunyumba yoonetserako zithunzi. Ndikanakonda kunama kuti ndinabadwa wokonda zojambula, koma zoona zake n'zakuti kulowa kunali kwaulere ndipo m'katimo munkazizira.

M'chipinda china cha kamdima munali zojambula zakalekale za ku Holland, za inki yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Adadi, poti anali mkulu wa mpingo, anaima pa chimodzi n'kukonza kukhosi. Panali nkhalamba yandevu pakhomo, mayi akulira atanyamula kamtolo, ndi kamnyamata ka msinkhu wanga. Anatifotokozera kuti ndi mdzakazi uja wa m'Malemba, amene nkhalambayo inamuthamangitsira kuchipululu pamodzi ndi mwana wake.

"Komatu onani," anatero, "sanamuchotse chimanjamanja. Anamupatsa mkate ndi madzi."

Chichewa changa chinali chotsimphina, koma tsikulo chinayenda bwinobwino. "Ndiye Adadi, a Anti mudzawapatsa madzi ambiri bwanji?"

Amayi ananditsina pamkono. Anti anaseka atagwira pakamwa, kenako anayamba kufufuza mpango m'chikwama. Adadi anangoyang'anitsitsa dzanja la nkhalambayo, limene wojambula analijambula kawiri: mzere wina likuloza njira, mzere wina lili pamutu pa mwanayo.

Lolemba adadi anakalankhula ndi eni nyumba, ndipo anabwerako matiresi atsopano atamangidwa pamwamba pa galimoto. Amayi anaimba nthungululu pamasitepe mpaka oyandikana nawo anasuzumira. Anti anakhala nafe kufikira atakhoza mayeso a unamwino.

Ine ndinkayenda modzitama, poganiza kuti ndawagonjetsa adadi pa mtsutso wa Malemba. Lero ndawerenga mabuku angapo a zojambulazo, wondituma palibe, ndipo ndikuona kuti funso linali losavuta. Chovuta chinali kubweza mawu pamaso pa mwana wako, ndipo adadi anachita zimenezo osakwiya.