Imelo Imene Ndinaibisa Masiku Atatu

Chiyambireni kulemba, palibe anandiitanako ku msonkhano wa alembi woti ndikagone kuhotela. Timabuku tanga tiwiri ta nkhani zazifupi tinatuluka, ena anawerenga, koma oitanidwa amakhala anzanga a ku Blantyre ndi ku Zomba. Ine ndimangowaona pa zithunzi, atakoleka timakhadi ta mayina m'khosi, kapu ili m'manja, akumwa tiyi amene mwina anathyoledwa kuseri kwa nyumba yanga kuno.

Pakhomo pathu, kufupi ndi Chonde, netiweki imagwira malo amodzi okha, pansi pa mtengo wa mapeyala umene unayandikana ndi khola la ng'ombe. M'mawa uliwonse ndimanyamula mpando ndi laputopu kukakhala pamenepo kuona ngati kwabwera imelo. Kamodzi ndinalowako msonkhano wa alembi wa pa intaneti ndili pomwepo. Atandipatsa mpata woti ndifunse funso, ng'ombe inalira mokoka, ndipo woyendetsa msonkhano anandizimitsira mawu. Sanandipatsenso mpata wina.

Ng'ombeyo ndi ya akazi anga. Inabwera yowonda nthiti zikuwerengeka, koma iwo anaisamala mpaka inayamba kudzaza chigubu. Anaphunzira kudula nsenjere ndi mapesi, kuzipondera m'dzenje ndi kukwirira, moti mu Okutobala, anzawo akudandaula kuti mkaka wachepa, yawo imadya bwinobwino. Foni yanga yakale, yong'aluka galasi, ndinawasiyira iwo. Ndi imeneyo ankatumizira mawu pa gulu la alimi anzawo, kufotokoza za dzenje lawolo. Ine ndikamamva ndinkaseka chamumtima kuti ndani angamvetsere zimenezo.

Lachiwiri lina, kunja kukuwaza chiperoni, ndinatsegula laputopu nditafunda jekete ndipo ndinaona mawu akuti "Tikukuitanani". Ndinaona Lilongwe, masiku anayi, hotela, galimoto yodzatenga. Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Nditabwereza kuwerenga ndi pamene ndinaona kuti msonkhanowo unali wa alimi a ng'ombe zamkaka, ndipo dzina linali la akazi anga. Iwo alibe imelo, ndiye anapereka yanga kwa alangizi a ziweto.

Nthawi imeneyo n'kuti ali m'khola, akuwola ndowe, atavala majombo anga akale. Ndinawayang'ana, kenaka ndinatseka laputopu.

"Kuli chiyani lero?" anandifunsa.

"Palibe. Zotsatsa malonda basi."

Ndinakhala nayo imeloyo masiku atatu. Ndinkaitsegula, kuiwerenga, n'kuitsekanso. Ndinkadziuza kuti ndiwauza madzulo, madzulo akafika ndimati mawa. Ndinafika mpaka pofufuza zithunzi za hotelayo pa intaneti, kuona zipinda zake ndi dziwe losambira, ngati munthu wokanda chilonda.

Lachisanu alangizi anabwera pa njinga yamoto. Ndi bambo wachikulire, waulemu kwambiri, ndipo ulemu wawowo ndi umene unandipweteka.

"Mayi, akulikulu akudabwa kuti simunayankhe. Kapena imelo sinafike, bambo?"

"Netiweki yakhala ikuvuta," ndinatero.

Akazi anga anangondiyang'ana, n'kuyang'ana mtengo wa mapeyala umene ndinakhala pansi pake m'mawa uliwonse wa sabata imeneyo. Alangizi atachoka, akazi anga anatsuka chigubu nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Mukanangonena kuti simukufuna ndipite," anatero, osatembenuka.

"Ndani wanena kuti sindikufuna?"

"Ndiye yankhani kuti ndibwera."

Ndinayankha iwo ataimirira kumbuyo kwanga mpaka uthenga utapita.

Pofuna kudzitsuka, ndinawalembera zokayankhula, masamba anayi, Chichewa chosalala, choyamba ndi mbiri ya ulimi m'chigawo chino. Anamvetsera ndikuwawerengera, kenaka anati, "Zabwino, koma dzenje lili pati?" Linali pa tsamba lachitatu. Anapinda mapepalawo n'kuwaika m'chikwama, ndipo ndinadziwa kuti sakawatulutsa.

Galimoto inadzawatenga Lolemba m'mamawa, ine n'kutsala ndi ng'ombe. Kukama ndinkaona ngati chinthu chapafupi, poti ndakhala ndikuonerera zaka zonsezi. Nditangogwira bere, ng'ombe inaponya mwendo, ndowa n'kugwera uko. Nditayesanso inangouma thupi, mkaka n'kumatuluka ngati misozi. Pamene ndimafika kosonkhetsera mkaka, dzuwa linali litakwera, ndipo wolandira mkaka anasuzumira m'chigubu n'kufunsa, "Amayi adwala?"

"Ali ku Lilongwe, ku msonkhano."

"Eya, tinamva. Atiimirira kumeneko."

Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi, ndiye ndinawaimbira foni akazi anga. Kumbuyo kwawo kumamveka masupuni ndi anthu akuseka.

"Mwaipatsa madeya musanayambe?"

"Ndaipatsa."

"Manja munasamba madzi ofunda?"

Ndinayang'ana manja anga ozizira.

"Kasambeni. Kenaka mukweze mawu a foniyo, muiike pa mtanda wa khola."

Ndinachita zimenezo. Anayamba kuiyankhula ng'ombeyo m'Chilomwe cha kwa amayi awo, chimene ine ndimangotolako mawu awiri atatu, motsitsa, ngati akunyengerera mwana. Ng'ombe inatembenuza makutu, n'kuyamba kubzikula. Mkaka unabwera. Ndinakama nditagunditsa mutu pa mimba yake, ndikumvetsera mawu a akazi anga kuchokera mu foni, ndipo ndinazindikira kuti ine sanandiyankhulepo choncho kwa nthawi yaitali. Ndinachitira nsanje ng'ombe, ndinachitiranso nsanje iwo, sindinadziwe kuti yaikulu ndi iti.

Lachitatu msonkhanowo amauonetsa pa intaneti. Ndinalumbira kuti sindionera, koma nthawi itakwana ndinali pansi pa mapeyala. Chithunzi chimaduka-duka. Anatulukira atavala chitenje chawo chobiriwira, kakhadi kali m'khosi, m'manja mulibe pepala. Anayambira pa dzenje penipeni, kuya kwake akuloza m'chiuno mwawo. Atafika pofotokoza fungo la nsenjere zikapsa bwino, anthu anaseka ndi kuwomba m'manja. Bambo wina wa tayi amalemba zimene akunena. Ine zimene ndimanena palibe anazilembapo ndikuona.

Akazi anga anabwera Lachisanu atatopa, mapazi atatupa. Asanalowe m'nyumba anapita kukhola, anagwira bere la ng'ombe, anasuzumira modyera. Kenaka anadzakhala pakhonde.

"Akufuna zimene ndinanenazo zilembedwe, kakhale kabuku ka alimi," anatero. "Ndawauza kuti kunyumba kuli mlembi."

"Dzina pachikuto likhala la ndani?"

"La mwini dzenje."

Ndinati ndiganize kaye. Ndinaganiza sabata yathunthu, ndikuyenda pakhomo ngati mlendo, kenaka ndinatenga laputopu n'kuwauza kuti ayambe kunena. Tinalemba masana angapo, iwo akusenda chinangwa, ine ndikutaipa. Ndikaika mawu okometsera amati, "Chotsani, ng'ombe sidya zimenezo." Dzina langa lili mkati, pansi pa tsamba loyamba, m'tizilembo tofunika magalasi.

Mwezi wathawu kunafika bambo wina pa njinga kuchokera ku Limbuli, thukuta lili kamukamu, kabukuko katapindidwa m'thumba la malaya, kakuda ndi manja. Ine ndinali pakhonde. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kukatulutsa.

"Pepani bambo, ndikufuna amayi amene analemba buku ili."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za tsamba loyamba, koma maso awo anali kale kukhola. Ndinawaperekeza mpaka kumeneko, ndipo poti nkhani yawo imaoneka kuti itenga nthawi, ndinabwerera kukawatengera mpando.