Thumba la otsi la amayi

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anamwalira. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anatisiyira kamunda kamene ankabwereka pa famu ina kuseri kwa Easterhouse, kumalire a mzinda wa Glasgow, ndi thumba la mbewu ya otsi, ija timaphikira phala. Mwini famuyo, nkhalamba ya konkuno ku Scotland, anali ndi lamulo limodzi lokha: ukalekerera udzu, munda akulanda.

Mu Epulo, chisanu chitayamba kuchepa, tinakwera basi kukadzala. Bambo, munthu wa makompyuta amene khasu analisiya ku Dowa ali mnyamata, anaunda mizere ngati ya chimanga. Iwo ankakumba phando, ine n'kuponyamo njere zitatu, kenaka tinkasuntha phazi limodzi. Zala zanga zinachita dzanzi. Mumtima namonso munali zii, sindinkamva chisoni kapena china chilichonse.

Nkhalamba ija inabwera, n'kupukusa mutu. Inati otsi sadzala motero, amamwaza wothithikana, thumba lonselo lithere pakamundako, kuti ukamera uphimbe nthaka udzu usowe potulukira. Chingerezi chake cha ku Glasgow bambo sankachimva bwino, ndiye womasulira ndinali ine.

"Akuti chiyani agogowa, Tadala?"

Ndinayang'ana thumba lija. Pamwamba pake panali dzina lathu, lolembedwa ndi dzanja la amayi. M'basi muja bambo anali atanena kuti tikadzala mosamala, mbewuyi itifikitsa zaka zitatu.

"Akuti mwalima bwino, adadi."

Otsi unamera patalipatali, udzu n'kudzaza ponse pakati. Loweruka lililonse tinkapalira, koma mvula ya kuno sikata, ndipo udzu unkatiposa liwiro. Pofika mu Ogasiti, nkhalamba ija inatiuza mwaulemu kuti kamundako ikupatsa ena. Apa panalibe chomasulira. Bambo anangoti, "Chabwino," n'kunyamula khasu la amayi. Ine ndinkangowerenga madontho a mvula pawindo la basi mpaka tinafika kwathu ku Gorbals.

Thumba lija lidakali m'kabati mwa bambo, pafupifupi lodzaza. Chaka chatha ndinatapako njere pang'ono n'kuziika pathonje lonyowa. Sinamere ngakhale imodzi.

Tsopano ndikudziwa kuti amayi mbewuyo anaigula kuti imwazidwe yonse, tsiku limodzi, mosaumira. Ine ndinaopa kuona thumba lopanda kanthu, ndipo tinataya munda umene iwo ankapondamo. Bambo amati chinatilaka ndi nthaka yachilendo. Mpaka lero sindinawauze zimene nkhalamba ija inanena.