Mafupa a Pakhonde la Agogo Helmi

Fungo la mafupa owira likandipeza, mtima umathamangira ku Al Garhoud, dera la mu Dubai, kuchitseko choyang'anana ndi chathu, komwe agogo Helmi ankaphika msuzi wa mafupa a ng'ombe tsiku lonse, mawindo akunjenjemera ndi ndege zotera. Anali a ku Finland, mphunzitsi wopuma, ndipo ankasungidwa ndi mwana wawo wogwira ntchito m'ndege. Kukhala pansi sankakudziwa. Msuzi ukatha ankatsuka mafupawo, kuwayanika pakhonde, n'kumalemba pa lililonse mawu otanthauza fupa m'chinenero chosiyana.

"Kwathu timati luu," anandiuza m'Chingerezi. "Ku Russia, anthu a mtundu wa Amari amati lu, a mtundu wa Akomi amati ly. Tinabalalika kalekale, koma mawuwa tinachoka nawo kwa kholo limodzi. Abale athu a ku Hungary ndiwo anatola ena panjira. Nanga kwanu mumati chiyani?"

Ine wa zaka zisanu ndi zinayi, wobadwira ku Dubai konkuno, sindinkadziwa. Ndinachita manyazi. Anandipatsa fupa losalemba kanthu kuti ndikafunse.

Amayi, namwino wosaopa magazi, atalipeza m'chikwama changa anakuwa ngati aona njoka. Nditafotokoza za pakhonde paja, zinangoipiraipira. "Munthu wosunga mafupa olembalemba, iwe ukuti ndi mphunzitsi? Khalas, basi, usakapondenso kumeneko!" Sabata yathunthu ndinkangozungulira m'nyumba, kununkhiza msuzi uja pansi pa chitseko, ndipo ndinawakwiyira amayi kwambiri.

Loweruka amayi anandikoka dzanja. "Yalla, tiye tikabweze zinthu za eni." Agogo sanakhumudwe. Anawaonetsa amayi mafupa onse limodzilimodzi, akuwerenga mokweza, kenako anawafunsa funso lomwe lija. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Iwe Tadala, zoona sukudziwa?"

Ndinapukusa mutu. Amayi anayang'ana fupa lija m'manja mwawo. Kenako anapempha cholembera n'kulembapo okha: fupa. Kuyambira tsiku limenelo Chingerezi kwathu chinkathera pachitseko, ndipo ndikapempha madzi m'Chingerezi ndinkakhala ndi ludzu langa.

Agogo anabwerera kwawo chaka chotsatira, sindinamvenso za iwo, ndipo zimandiwawa kuti sindinawathokoze. Fupalo ndikadali nalo, inki yayamba kufufutika. Dzulo mwana wanga wamkazi analitulutsa m'kabati n'kundifunsa m'Chingerezi kuti n'chiyani. Ndinamukhazika pamiyendo, ndipo sindinamuyankhe m'Chingerezi.